Ndodo za Gofu za Atate ndi Mwendo wa Amake Luwisa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene atate anabwera ndi ndodo za gofu ku Feira. Anali kalaliki pa Boma, wotumizidwa kuchokera ku Lusaka, ndipo mtima wawo wonse unali pa kubwerera kwawoko. Wina anawauza kuti mabwana a kulikulu amakwezana pantchito ali pa gofu, ndiye atapita ku tchuthi anagula ndodo zakale kwa munthu wina amene ankasamuka. Mpira wake anali asanaumenyepo chibadwire.

Atafika anaziyala pamphasa ngati munthu woyanika nsomba. Anatiuza monyadira kuti ndodozo azilipirira inshuwaransi, moti ina ikabedwa kapena kuthyoka, kampani idzagula yatsopano. Amai anafunsa ngati kampaniyo imalipiranso mpira ukaswa mutu wa munthu. Atate anati inshuwaransi yoteroyo iliko, wogulitsa anawakakamiza ndithu, koma anaikana poti inali yodula.

"Kuno ndingamenye ndani? Mbuzi?" anatero, n'kuseka okha.

Zinali zaka za nkhondo ya ku Mozambique. Masiku ena mfuti zinkamveka kutsidya, ku Zumbo, ndipo anthu ambiri anali ataolokera kwathu pa mabwato. Mmodzi wa iwo anali amake Luwisa, mayi wamasiye amene ankalima dimba la matimati ndi lepu m'mbali mwa Luangwa. Dimbalo ndilo linkadyetsa ana ake awiri. Akabwera kudzatigulitsa ndiwo, chitseko chikangomenyeka ndi mphepo, ankadzidzimuka mpaka kugwira khoma.

Atate ankaphunzira gofu Loweruka masana, pabwalo la mpira kuseri kwa msika. Unali mwezi wa Okutobala, nthaka ikuwotcha mapazi. Kawirikawiri ankangokumba fumbi, mpira uli pomwepo. Koma tsiku lina ndodo inaupeza bwinobwino. Kampira koyerako kanauluka, kanakhota, n'kukamenya malata a shedi ya pamsika. Kunamveka ngati mfuti. Msika wonse unabalalika, nsomba ndi matimati zili mbwee pansi. Amake Luwisa anathamangira kumtsinje monga anachitira pothawa kwawo, anaterereka pamiyala, mwendo n'kuthyoka.

Mawa lake kunabwera alongo a amake Luwisa, amene anali msodzi, ndi akulu awiri. Atate analankhula nthawi yaitali, akusakaniza ndi Chingerezi, kuti mpira sunamukhudze munthu, unamenya malata, ndipo amene anamugwetsa ndi mantha ake omwe. Msodzi uja anadikira mpaka atatha.

"Ife sitinabwerere ndalama, abwana. Kwathu, wogwetsa mnzake amasenza ntchito yake mpaka adzuke. Matimati sadikira mwendo."

Atate atamva kuti palibe cholipira, nkhope inawala. Anavomera msangamsanga, anagwirana chanza ndi aliyense. Lolemba anavala tayi yawo n'kupita ku ofesi.

Ntchito ija inagwera amai ndi ine. M'mamawa ndi madzulo tinkatsikira kumtsinje ndi ndowa, maso ali pamadzi kuopa ng'ona, n'kukwera nazo kudimba. Nthaka inkamwa madzi ndisanatembenuke n'komwe. Kusukulu ndinkafika mochedwa, diresi itanyowa, khosi likupweteka, ndipo aphunzitsi ankandigwaditsa pakhomo osafunsa kumene ndachokera. Masiku amene amai ankapita ndi chakudya kuchipatala cha mishoni ku Katondwe, kumene wodwala anagonekedwa, ndinkathirira ndi Luwisa, mwana wamng'ono kwa ine amene sankandilankhula. Sindinamudandaule. Ndikanakhala iye, nanenso sindikanalankhula.

Chimene chinkandiwawa koposa chinali Lamlungu. Ife tikubwera kudimba, atate ali pakhonde, akupukuta ndodo zawo imodziimodzi ndi kansalu ka mafuta. Pabwalo anasiya kupita, koma ndodo sanasiye kuzisamala. Ndinafunsa amai chifukwa chake ndowa ili pamutu panga pamene mpira anamenya ndi atate. Anangondiuza kuti ndisatayire madzi panjira.

Sitinapulumutse zonse. Lepu anapirira, koma matimati a kumtunda anauma. Amake Luwisa atatuluka m'chipatala anapempha kuti awafikitse kudimba. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mizere youmayo, kenaka anatithokoza mwaulemu. Kukanakhala bwino akanatitukwana.

Mwendo unapola mokhota. Tsiku limene anadzatsimphina mpaka pakhomo pathu, atatsamira kandodo kamene kankapindika, amai analowa m'nyumba, natulutsa ndodo ya gofu yachitsulo, yaitali bwino. Anaitembenuza kuti mutu wake ukhale pogwirira, n'kuwapatsa. Atate anaimirira, nati ndodo imeneyo ndi ya inshuwaransi, siichoka pano.

"Ndiye kaiuzeni kampani yanu kuti yabedwa," amai anatero. "Akakufunsani wakuba, muwauze kuti ndi mkazi wanu."

Atate sanapite kukanena. Mpaka tinasamuka ku Feira, amake Luwisa ankayenda ndi ndodo ija kumsika, ndipo atate akawaona ankadzera njira ina.

Lero ndili ndi setifiketi yanga ya kukoleji, ndili ndi mwana wamwamuna amene chilichonse chogwera m'manja mwake amaponya. Ndiulule, ndine mayi wamantha. Akatola mwala sindiyang'ana mwala, ndimayang'ana amene ali kutsogolo kwake, ndipo anzanga amati ndimamulera ngati dzira. Atate anamwalira akukhulupirirabe kuti analibe mlandu, ndipo ine mkwiyo uja sunathe bwino.

Mwezi wathawu amuna anga anabwera ndi nkhani yoti anzawo a kuntchito awakopa kuyamba gofu, ndipo akufuna kulipirira ndodo inshuwaransi. Ndinawauza kuti ayambe ndi ija yolipira anthu opwetekedwa, ndodo zibwere pambuyo. Anaseka, nati munthu wongoyamba kumene mpira wake supita patali. Ndinawayankha kuti wongoyambayo ndiye sadziwa kumene mpira upita, ndipo wolakwa akakana kusenza mlandu wake, pali wina m'nyumba mwake amene amausenza. Ine ndinausenza kale, pamutu, kuchokera ku Luangwa. Mwana wanga sadzasenza ndowa ya munthu.