Eunice ndi Khoma Lake

Tenesi kuno ku Chintheche ndinabwera nayo ndine kuchokera ku Joni, ndipo tsiku loyamba mpira umene ndinamenya unawoloka nyanja n'kukakomola mbuzi ku Likoma. Chabwino, ndanama. Ku Joni sindinafikeko, ndinabwerera pa Kande mimba itandipotokola. Woidziwa tenesi ndi Eunice, mwana wa mlongo wanga.

Nkhondo ya Jeremani itatha, Eunice analembedwa ntchito yochapa kwa mzungu wa munda wa mitengo ya mpira. Dona wa pamenepo anali ndi bwalo la tenesi koma analibe mnzake. Tsiku lina anamulanda chitsulo chositira, n'kumugwiritsa chomenyera mpira.

Eunice anachigwira ndi manja awiri ngati musi. Dona anayesa kumuwongola, koma anatopa. Mwana wokulira pa mtondo wa chinangwa sadziwa za dzanja limodzi. Ankamenya chotsitsa, ngati akusinja, mpira n'kumadutsa molira ngati mavu. Ena amati nkhuku zinkathothoka nthenga mpirawo ukadutsa. Enawo ndine. Koma zoona n'zakuti sankathamanga mwachisawawa. Ankaima wopanda nsapato, nsalu atakwinyira m'chiuno, n'kudikira mpira monga adikira mlendo.

Mvula ziwiri zisanathe, dona anali atasiya kupambana. Ankangoseka, n'kumati adzamutengera ku Blantyre akaonedwe ndi anthu. Eunice anasoketsa diresi loyera la ulendowo.

Kenaka dona anadwala malungo, n'kukwera sitima kubwerera kwawo. Anamusiyira chomenyera chija. Mzungu wobwera pambuyo anati bwalo lija alimepo chinangwa. Ukonde wa pabwalopo anatenga asodzi.

Eunice anayendayenda kufuna womubwezera mpira. Anyamata onse a mphamvu anali ku Halale ndi ku Joni. Atsikana anzake anati iwo sangathamangitse kanthu kosadyedwa. Amayi ake anati mkazi wolumpha poyera adzakwatiwa ndi mphepo. Chotsala chinali khoma la sitolo yakale yopanda denga, kuseri kwa tchalitchi.

Ndi pamenepo pamene amapezeka madzulo, akamaliza kuvuula chinangwa. Zingwe za chomenyera zikaduka amalukamo ulusi wa khoka. Mipira amaumba yekha ndi utomoni wa mitengo ija. Akamenya, khoma likabweza, amati, “Yewu!” Pa Chitonga munthu akakupatsa chinthu umathokoza, ndipo m'mudzi monse wom'patsa kanthu kameneka ndi khoma lokha. Khomalo silitopa, silinyoza, koma silinenanso kuti wamenya bwino. Diresi lija likadali m'bokosi, likudyetsa njenjete.

Ine, poona chisoni, ndinamulonjeza kuti ndidzasewera naye. Koma nkhalamba ya ndevu ngati ine, ikagonje kwa mwana wa mlongo wake anthu a ku dooko akuona? Choncho masiku ano ndimangokhala pa chitsa n'kumamuwerengera zigoli zabodza.

Dzulo anandibweretsera thabwa losema bwino, lokhala ndi chogwirira. Analisema yekha, kusemera ine malume ake.

“Asibweni, ili ndi lanu. Ingoimani apo. Ngakhale mubweze umodzi wokha.”

“Mwana iwe, ndikadakonda,” ndinatero ndikugwira phewa, “koma mkono uwu unatafunidwa ndi mvuu ku Tukombo. Ndinachita kuutulutsa ndekha m'kamwa mwake, mvuuyo n'kupepesa.”

Eunice sanaseke. Anandiyang'ana phewa nthawi yaitali, thabwa lili m'manja. Kenaka analitsamiritsa pa chitsa changa pang'onopang'ono, n'kutembenukira ku khoma lake.

“Asibweni,” anatero osacheuka, “Loweruka mvuu ija inaluma mkono wamanja. Lero mwagwira wamanzere.”