Munda wa amama, satifiketi ya ababa

Munda umene tinkalima ku Katuli unali wa amama. Kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndiye ababa anaupeza mundawo monga anapezera mtengo wa mango wa pabwalo. Unali pamtsetse, ndipo mvula ikagwa yamphamvu madzi ankatsika ali psuu, atanyamula dothi kupita nalo kudambo. Ine ndinali mwana woyamba, mtsikana, ndipo nthawi imene ndikunenayi ndinali nditasiya kale sukulu, ndikulima ndime yanga pambali pa akuluakulu.

Chaka china kunabwera mlangizi watsopano, mnyamata wa kumpoto amene Chiyao sankachimva nkomwe. Anafika pa njinga, nakhala pamkeka ndi ababa. Anati boma likufuna alimi osamala nthaka, ndipo wotsatira malangizo onse adzapatsidwa satifiketi ya uchikumbe ndi baji yovala pachifuwa. Malangizowo anali kuunda akalozera, ndiyo mizere ikuluikulu yopingasa mtsetse kuti madzi asathamange, kukwirira mapesi m'malo mootcha, kuthira manyowa, kusiya mitengo ya misangu kuti ikule m'munda, ndiponso kubzala mbewu iliyonse payokha.

Lomalizali ndi limene linawawa amama.

"Nandolo wanga ndi maungu zichoke m'chimanga? Nanga ana adzadyera chiyani, pepalalo?"

"Mlangizi akuti munthu wa satifiketi boma limamudziwa," anayankha ababa. "Ngakhale kumsika mbewu zake amazilandira mwaulemu."

Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti ababa ankafuna chinthu chimodzi chokha pamudzi paja chodziwika ndi dzina lawo. Amjomba, mlongo wawo wa amama amene ankayang'anira mbumba yathu, anangoti, "Alamu, masiku ano si bwino kuoneka kwambiri." Sanawaletse.

Tinavutika zaka ziwiri. Akalozera tinaunda m'chilimwe nthaka ili gwa, manja anga mpaka kutuluka matuza. Manyowa tinkasenza pamutu m'madengu kuchokera ku makola a mbuzi a anthu ena, akutiseka kuti banja ili lapenga, likupempha zitosi. Amama anasiya kudandaula, ankangolima, koma nandolo wawo anamubisa m'mphepete momwe mlangizi sankafikamo. Ndipo zoona zake nzakuti munda unasintha. Madzi anayamba kuima m'mizere nkulowa pansi. Chimanga chinabereka mpaka tinamanga nkhokwe yachiwiri, mtedza nawo unachita bwino.

Satifiketi inabwera, yokhala ndi chidindo. Ababa anaikulunga m'pulasitiki, baji nkumaivala ngakhale popita ku mzikiti Lachisanu. Tsiku lokagulitsa mtedza ku msika wa boma ndinapita nawo. Atafika pa sikelo anatulutsa pepala lija ndi manja awiri. Kalaliki analiyang'ana pang'ono nkuwabwezera.

"Mtengo ndi umodzi, bambo. Sikelo sidziwa kuwerenga."

Mtedza wathu anaukhuthulira pamulu umodzi ndi wa anthu ootcha mapesi. Pobwerera, titawoloka mtsinje, ababa anati, "Komabe nthaka yakhuta." Ndinavomera, chifukwa zinali zoona.

Chaka chotsatira, chimanga chili ndi ngayaye, mlangizi anabwera akumwetulira kuti munda wathu wasankhidwa kuchitirapo chionetsero. Tinalambula njira, amayi a m'mudzi anauzidwa kuvala nsalu za chipani nkudzaimba. Kunabwera galimoto zingapo. Pakati pa alendowo panali bambo wina wonenepa wa chipewa, amene aliyense ankamupatsa njira. Iyeyo za akalozera sanafunse. Anawerama, natapa dothi, nkulifikisa m'manja. Anafunsa ababa ngati mtsinje wa kumunsi umaphwa m'chilimwe, ndiponso kuti minda ya mtsetse wonsewo ndi ya ndani. Ababa anayankha zonse mokondwa, mpaka kumuperekeza kukamuonetsa kasupe.

Titangokolola, kunabwera anthu ndi zingwe ndi zikhomo. Anakhoma kuyambira kumsewu mpaka kudambo, kuzungulira munda wathu ndi ya mabanja ena angapo. Pamsonkhano tinauzidwa kuti malowo aperekedwa kuti pakhale esiteti ya fodya, kuti chimenecho nchitukuko, ndipo zonse zasainidwa kale. Anafunsa ngati pali wotsutsa. Kumbuyo kunali kutaima anyamata a chipani. Masiku amenewo munthu ankatha kunena mawu amodzi pamsonkhano, mawa lake osaonekanso. Tinaomba m'manja.

Ababa sanakhulupirire. Anavala malaya oyera ndi baji ija, nayenda wapansi mpaka pamene anapeza lole yopita ku boma ku Mangochi. Anabwerako patapita masiku, miyendo itatupa. Amama atawafunsa, anafotokoza ali chiweramire kuti anadikira pakhonde la ofesi mpaka wina anawamvera chisoni nkuwerenga pepalalo.

"Akuti likunena kuti ndimalima bwino. Silikunena kuti munda ndi wathu."

Amama sanalire. Anatenga mtsuko nkupita kumtsinje, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Mlangizi anabwera kamodzi, njinga akuikankha. Anagwada patsogolo pa amama, nati iye sankadziwa, ankangofuna kuti akuluakulu aone ntchito yabwino. Ndikukhulupirira kuti sankanama. Patangopita nthawi pang'ono anamusamutsira kwina.

Chotipweteka kwambiri chinachokera kwa anzathu omwe. Boma sakanalinena, ndiye mlandu anauika pa ababa. Pachitsime amayi ankasiya nkhani ndikafika. Wina anachita kundiuza pamaso kuti, "Mkamwini wa kwanu watiitanira afisi ndi kabaji kake." Amjomba sanatchule za chenjezo lawo lija, koma anasiya kudzakhala pakhonde pathu, ndipo ababa pochoka ku mzikiti ankabwera okha.

Thirakitala itafika ndinapita kukaonerera. Akalozera amene tinaunda zaka ziwiri inawasalaza dzuwa lisanafike pamutu. Misangu yaing'onoyo anaizula nkuiunjika pambali. Kapitawo wa esiteti anabwera kunyumba kudzauza ababa kuti bwana akuwafuna, poti ndi mlimi wodziwika, akhale tenanti pamalo omwewo. Ababa anamuthokoza mwaulemu nkukana.

Otilanda malo anatilozera kwina kumiyala, koma abale a amama anagawana malowo okha, ife osatiwerengera. Choncho tinasamukira kunyanja ku Nkope, kwa mlongo wawo wa ababa. Kumeneko amama, amene anabadwira pamunda wawowawo, anakhala mlendo woyanika usipa wa eni pathandala. Ababa, munthu wa imvi amene sankadziwa nkusambira komwe, analowa ganyu yokoka khoka limodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana awo. Kuseri kwa nyumba kunali kadimba, ndipo azakhali anawapempha kangapo kuti abzalepo ngakhale chinangwa. Khasu sanaligwirenso. Iwo ndi amama sankakangana. Ankapatsana madzi, ankafunsana za ana, basi. Chifuwa chinawagwira ababa m'nyengo ya mwera, ndipo chaka chachitatu chisanathe tinawaika m'manda a kunyanja, kutali ndi aliyense amene anawaona akulima.

Patapita zaka, ine nditakwatiwa kale, amama anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Katuli akaone manda a amayi awo. Tinapeza waya kuyambira kumsewu. Mtsetse wonse unali zigwembe zofiira zoti munthu nkulowamo mpaka m'chiuno, fodya ali wachikasu, wofupika. Mandawo anali mkati mwa waya. Mlonda wa pageti anali mwana wa msuweni wawo, amene amama anamubereka kumbuyo ali khanda.

"Pepani anganga, bwana kulibe. Popanda chilolezo chawo sindingatsegule, ntchito ingandithere."

Amama anamuuza kuti asadandaule. Anayala chitenje m'mbali mwa msewu, nayang'ana ku mitengo ya kumanda, napemphera dua yawo pomwepo. Atatha anakutumula fumbi, ndipo tinayamba kuyenda kukadikira lole.