Sili Yozondoka

Ntchito yanga yoyamba anandipezera amayi anga, ndipo anaipeza ku kwaya. Ankaimba limodzi ndi akazi awo a Gondwe, mdala wa kumpoto amene anali ndi galaja ya njinga zamoto ku Kawale. Ine ndinali nditamaliza maphunziro a umakaniko, satifiketi ili m'sutikesi, ntchito yanga kuwothera dzuwa pakhonde ku Biwi. Tsiku lina amayi pobwera anangoti, "Mawa ulawirire kwa a Gondwe. Koma pakamwa pakopo ukasamale." Ankamudziwa mwana wawo.

Galajayo inali shedi ya malata, mbali imodzi ife, mbali inayo a Mateyu owotcherera zitsulo. Makasitomala athu anali anyamata a kabaza, ndipo chimene chinkawabweretsa kwambiri ndi mashoko akumbuyo, aja ochepetsa kudumpha kwa njinga m'mabampu. Misewu ya Kawale ndi Chinsapo sinyengerera shoko, makamaka njinga ikamanyamula anthu awiri ndi thumba la makala pamwamba. Amakaniko ena shoko ikayamba kukha oyilo amangoti kagule yatsopano. A Gondwe ankaitsegula n'kuikonza, ndiye dzina lawo linamveka mpaka ku Area 25.

Kakonzedwe kake ndinaphunzira kwa iwowo, chifukwa kusukulu tinkangoona pa chithunzi. Umaimika njinga pa sitandi ya pakati, n'kumasula nati ya pamwamba ndi bawuti ya pansi. Shoko ija umaimanga pa vaisi, chopanira zitsulo chija, kupanikiza sipuling'i, kumasula mutu, sipuling'i n'kutuluka. Kenako umatsegula chitsekerero, kusolola chitsulo chonyezimira chapakati chimene timati rodi, n'kutaya oyilo wakale, amene nthawi zambiri amakhala wakuda ndi wonunkha. Rodiyo a Gondwe ankaiyendetsa chikhadabo, amvekere, "Chala sichinama. Pakakhala kokanda, sili yatsopano singakhalitse." Sili ndi kamphira kozungulira kamene kamatseka oyilo kuti asatuluke. Kali ndi mlomo, ndipo mlomowo uyenera kuloza mkati, kumene kuli oyilo. Ukakaika chozondoka, shoko imayambanso kukha njinga isanafike n'komwe pa siteji.

Ankandisunga bwino mdala ameneyu. Sanandikalipirepo pagulu, ngakhale tsiku limene ndinadula bawuti chifukwa chomanga ndi mphamvu zaunyamata. Anangondikokera kuseri kwa shedi n'kundionetsa pamene dzanja liyenera kulekera.

Tsiku lovutalo linali Loweruka m'mawa, mvula ikugwa. Anyamata a kabaza anadzaza shedi yonse pousa mvula, akusereulana monga mwa nthawi zonse. Pamenepo anafika Yona, wa kabaza wa ku Chinsapo, mnyamata wa nthabwala amene aliyense ankamuopa lilime.

"Madala, njingayi yasanduka chule," iye anatero. "Makasitomala akutsika atagwira msana."

Shoko ya kumanja inali itanyowa yonse, oyilo akutsikira pafupi ndi buleki ya kumbuyo. Ndinaimasula, ndinapanikiza sipuling'i, ndinatsuka zonse ndi petulo. A Gondwe anatenga sili yatsopano, anaipaka oyilo, n'kuyamba kuilowetsa pa rodi. Ndinayang'ana, ndinayang'ananso. Mlomo unali ukuloza kunja.

Chimene ndinamva mumtima nthawi imeneyo ndi chisangalalo, ndinene zoona. Ndinali nditaona chinthu chimene katswiri sanaone, pamaso pa anthu onse aja. Ndipo pakamwa panatseguka.

"Abambo, mwaikatu chozondoka!"

Mvula inali ikusokosa pa malata, ndiye ndinakuwa. Onse mu shedi anatembenukira kwa ife. A Gondwe anavula sili ija, anaibweretsa pafupi ndi mphuno, anaiyendetsa chala chachikulu pang'onopang'ono. Apa m'pamene ndinaona kuti sakuiona n'komwe, akungoimva ndi chala.

"Zoonadi," anatero motsitsa mawu. "Zikomo, mwana wanga. Malizitsa."

"Eee, a Chozondoka!" anakuwa Yona akuloza a Gondwe, ndipo phwete linaphulika. Wina anagwa pa benchi ndi kuseka. A Gondwe nawonso anamwetulira, kenako anapita kukasamba m'manja pa chigubu, ndipo anasamba nthawi yaitali.

Shoko ija ndinaimaliza ndekha. Ndinathira oyilo pa muyezo, ndinapopa rodi mpaka mpweya unatha, ndinabwezera sipuling'i. Yona anaikhalira njinga, inatsika n'kubwerera mofatsa, osadumpha. Ntchito inali yabwino.

Anthu atabalalika, a Mateyu anandiitanira mbali yawo.

"Mfana, ukuona ngati ndiwe woyamba kuona zimenezi? Maso a madalawa anayamba kalekale kuchita nkhungu. Mnzako amene analipo iwe usanabwere ankangoti, 'Abambo, ndiipukuteko kaye,' n'kuitembenuza mu sanza, n'kuwabwezera. Madala ankadziwa, ine ndinkadziwa, palibe ankanena."

"Nanga simunandiuze bwanji?"

"Zimenezo munthu amachita kuuzidwa?"

Ndakhala ndikudziteteza ndekha kwa zaka. Sili ija ikanalowa chozondoka, oyilo akanafika pa buleki, ndipo Yona amanyamula azimayi ndi ana. Kulankhula kunali koyenera. Koma ndikudziwa kuti sindinakuwe chifukwa choganizira buleki ya Yona.

Dzina lija linafalikira m'masiteji onse. Anyamata akabwera ankati, "Madala, pumulani, apange mfanayu." Ankanena mwaulemu ndithu, zimene zinkapweteka kwambiri. A Gondwe anayamba kukhala pa kireti, akusanja manati m'zitini. Kenako anayamba kubwera masana okha, ndipo mvula ya chaka chotsatira isanayambe anandisiyira kiyi wa shedi, nasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Area 49. Sanandinenerepo mawu oipa, ngakhale kwa amayi anga. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndinakawaona patapita nthawi. Ndinawapeza pakhonde, maso atayera, ndipo anandizindikira ndi mawu. Anagwira manja anga n'kumayendetsa zala pa zikang'a. Anafunsa za a Mateyu, za vaisi yakale ija, ngati masili a masiku ano akulimba. Kenako anafunsa chimene ndinkaopa.

"Anyamata aja akunditchulabe dzina lija?"

"Ayi, Abambo, anaiwala kalekale," ndinanama.

Nthawi yomweyo foni yanga inalira. Inali kafoni kaja kolankhula mokweza ngati wailesi. Ndinayankha mosaganiza, ndipo mawu a kasitomala anamveka khonde lonse: "Bwana, muli kuti? Ine ndafika pa Chozondoka, simulipo!"

Ndinaithimitsa msangamsanga, koma zinali zitamveka. A Gondwe anagwedeza mutu.

"Ndiye malowo ali ndi dzina tsopano," anatero. "Pita, mwana wanga, kasitomala asadikire."

Lero ndili ndi anzanga awiri ogwira nawo ntchito pa shedi yomweyo. Wina akalakwitsa pamaso pa kasitomala, ndimatenga chitsulocho n'kunena kuti ndichipukuteko kaye, zokambirana zimabwera anthu atachoka. Ndinalembetsa chikwangwani chachikulu cha dzina la a Gondwe n'kuchikhoma pamwamba pa malata. Palibe amachiwerenga. Munthu akafunsa njira pa foni ndimayamba ndi dzina la pachikwangwanilo, iye n'kumangoti kuti, kuti? Mapeto ake ndimatchula ndekha dzina linalo, ndipo amafika osasochera.