Njovu za Miyendo ya Ng'ombe

Atate anga, Goliati Nkhoma, anasema njovu zaka makumi anayi ndi zitatu asanaonepo njovu. Dzina lokha ndilo linali lalikulu mwa iwo. Munthu wake ndi wamfupi, wochepa thupi, woti akakhala pa kampando kuseri kwa nyumba yathu ku Chawama mu Lusaka, chipika cha mtengo wa mukwa chinkawabisa mpaka m'mapewa. Anthu a mumzere mwathu ankati agogo anawapatsa dzinalo pofuna kuopseza matenda.

Agogowo anachokera ku Ntcheu. Anadutsa m'mafamu a fodya kum'mwera, n'kudzathera ku Lusaka ali khukhi wa mzungu wina ku Kabulonga. Atate anabadwira m'kanyumba ka antchito kuseri kwa mpanda. Mzunguyo pobwerera kwawo anasiyira agogo zinthu ziwiri, jekete lotuwa ndi kalendala yotha ntchito. Jekete linadzakhala la atate, lopitira ku tchalitchi ndi ku maliro. Pa kalendala panali njovu yaimuna itayang'ana wojambula, makutu tambasu, minyanga yonse poyera. Chithunzi chimenecho ndicho chinali mphunzitsi wa atate pamene anagwira kasemasema koyamba ali mnyamata.

Koma njovu ya pa kalendala inkangoyang'ana kutsogolo, chaka ndi chaka, osatembenuka. Kumbuyo kwake palibe anakuonapo m'banja mwathu. Ndiye atate anachita zimene munthu wanzeru aliyense akanachita: anakaima m'mbali mwa msewu wa ku Kafue n'kumayang'ana ng'ombe zopita kokaphedwa, nabwereka miyendo yakumbuyo kumeneko. Njovu iliyonse imene inatuluka m'manja mwawo inali ndi chitamba chabwino, makutu oti ungamve akupiza, koma kumbuyo miyendo yothyokera m'mbuyo ngati ya ng'ombe. Ankazikwecha ndi sandipepa, kuzipaka polishi wa nsapato mpaka ziwale, n'kupita nazo ku Kabwata kumene osema amagulitsira alendo ochokera kunja. Alendowo ankagula. Njovu zimenezo ndizo zinatidyetsa, ndizo zinandiphunzitsa ine, Kumbu, mwana wawo wamkazi mmodzi yekha, mpaka ku koleji kumene ndinaphunzira ntchito yoonetsa alendo malo.

Ntchito ndinaipeza kwa Ba Chalwe, bambo wa kampani yaing'ono ya minibasi imodzi. Tinkatenga alendo ku mahotela n'kuwazungulitsa mzinda: ku nyumba yosungira zinthu zakale, pa chiboliboli cha munthu wodula maunyolo, mumsika, ku Kabwata. Lachiwiri ndi Lachisanu tinkatuluka nawo kunja kwa mzinda, ku malo olerera ana a njovu amasiye, kuti akaone akumwetsedwa mkaka masana.

Tsiku langa loyamba kumeneko, kanjovu kena kanatembenuka n'kugwada kuti kasewere m'matope. Ndinaona miyendo yakumbuyo. Inali yoongoka ngati mitondo, ndipo popinda inkapindira kutsogolo ngati bondo la munthu. Ndinadziwa pomwepo kuti atate analakwitsa. Madzulo ake ndinawapeza akupaka polishi, ndipo sindinanene kanthu. Ndinadziuza kuti ndikuwamvera chisoni. Mwina tsiku limenelo zinali zoona.

Iwo anali kukayikira kale. Atamva kumene ndimapita, anaika burashi pansi.

"Kumbu, iyo basi yanu ikankhala na malo, unitengeko. Sinifuna vambiri. Nifuna chabe kuona kumbuyo kwake."

"Nizamutengani, batate. Wiki ibwela."

"Palibe kanthu, mwana wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anadekhadi. Wiki inabwera n'kupita, miyezi inatha. Nthawi zina ndinkati basi yadzaza, nthawi zina ndinkati kuli matope. Bodza lokhalokha. Malo analipo pafupifupi ulendo uliwonse, ndipo Ba Chalwe eni ake anandiuza kangapo kuti, "Bwela nabo ba mudala, bakaoneko." Vuto silinali basi. Vuto linali ine. Ndinkaopa jekete lija, lonunkha polishi ndi mankhwala othamangitsa njenjete. Ndinkaopa moni wa atate, amene satha msanga: amaomba m'manja, kufunsa munthu mmene wadzukira, mmene asiyira kunyumba, ana, ngakhale mvula ya kwawo. Ine pa basi ija ndinali munthu wina, wa malaya a kampani ndi Chizungu chotulukira m'mphuno. Sindinkafuna kuti alendo adziwe kuti madzulo ndimatsika pa siteshoni ya Chawama n'kumadumpha zithaphwi.

Ku Kabwata ndinali ndi njira yanga. Ndinkawalowetsa alendo cha kumanzere, kwa ogulitsa madengu ndi ng'oma, kuti nthawi ithe tisanafike pa mphasa ya atate. Iwo ankandiona ndili patali n'kukweza dzanja, ine n'kugwedeza mutu pang'ono ngati ndikuthamangitsa ntchentche.

Tsiku lina njira yanga inakanika. Mlendo wina wamtali, amene anatiuza m'basi kuti kwawo ndi dokotala wa ziweto, anatsogola yekha n'kukaima pa mphasa ija. Anatola njovu imodzi, kuitembenuza, n'kuphulika chiseko. Anaitana anzake onse. Ankawalozera miyendo n'kumanena m'Chizungu kuti chinyama ichi ndi njovu kutsogolo, ng'ombe kumbuyo. Kenaka anandifunsa ngati mkuluyu anaonapo njovu chibadwire.

Ndinaseka nawo. Ndinaseka ndithu, ndipo ndinayankha kuti okalamba a kuno amangosema za m'mutu mwawo.

Atate Chizungu amangotolako mawu awiri atatu. Anaona anthu akuseka, nawonso anaseka, kuombera m'manja. Anandiyang'ana nkhope ili yowala.

"Bakondwela, ka?"

"Bakondwela, ba mudala."

Ba mudala. Mmene timaitanira mkulu aliyense wosamudziwa pa siteshoni ya basi. Sindinapinde bondo ngakhale pang'ono, chonsecho kunyumba sindiwapatsa ngakhale kapu ya madzi nditaimirira. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaweramira mphasa n'kuyamba kukulunga njovu mu nyuzipepala. Dokotala uja anagula ziwiri zoti akaseketse anzake kwawo. Madzulo atate anauza amayi kuti alendo a Kumbu ndi anthu a mtima wabwino. Za dzina lija la ba mudala sanatchule, mpaka lero.

Maso a atate anayamba kufooka pang'onopang'ono. Poyamba anapaka polishi wakuda pa njovu ya bulauni. Kenaka anadzitema chala, munthu amene anali asanadzitemepo chiyambire. Kuchipatala anati ndi ng'ala, anachotsa, koma anapezanso kuti mitsempha ya mkati mwa maso inali itayamba kale kufa, ndipo imeneyo sibwerera. Ine ndinkawaperekeza ku chipatala mokhulupirika, ndinkawagulira mankhwala odontheza, anthu n'kumati Goliati anabereka mwana. Za njovu ndinkati tidzapita akachira. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Amayi, Ba Sophia, ndi munthu wosazungulira. Anandipeza ndikusita malaya a kampani Lachinayi lina n'kuzula waya wa simbi pakhoma.

"Iwe Kumbu, batate bako sibaona. Dzulo banagunda chitseko. Uyembekeza chani, bakafe?"

Zaka zinayi zinali zitatha atate chindipemphereni.

M'mawa mwake atate anali okonzeka dzuwa lisanatuluke bwino. Jekete atavala, nsapato atapukuta moyendetsa chala. Atakwera minibasi anayamba moni wawo, mpando ndi mpando, kuomba m'manja, kufunsa za kunyumba. Ine ndinkangoyembekeza kuti nthaka ing'ambike. Koma mayi wina wa tsitsi loyera anaomba nawo m'manja, wina anawasiyira mpando wa pawindo, ndipo tisanatuluke mumzinda basi yonse inali kuphunzira kunena "mwauka bwanji". Chinthu chimene ndinachiopa zaka zinayi chinali chimenechi basi. Manyazi amene ndinamva pamenepo anali a mtundu wina, oipa kuposa oyamba aja.

Kumalo kuja alendo amaima pa nsanja ya matabwa, njovu n'kumabwera m'munsi ndi oziyang'anira. Ndinawagwira atate pamkono pokwera masitepe, n'kuwaika kutsogolo penipeni. Anagwira thabwa ndi manja awiri. Dzuwa lili pamutu tinamva mapazi ndi kulira kwa tiana tothamangira mabotolo a mkaka. Fumbi linakwera. Alendo anayamba kujambula.

"Zabwela?"

"Zabwela, batate. Zili faifi."

"Eya, naziona. Ni zikulu, ka!"

Ankanena zimenezo atayang'ana kumanja, kumene kunali thanki yakuda ya madzi. Njovu zinali kumanzere. Ndinawagwira mapewa n'kuwatembenuza pang'ono. Anamvetsa chimene ndachita, ndipo sananenenso kuti akuziona. Anangotukula mphuno, kununkhiza, kutchera khutu. Patapita kanthawi anandiyandikira n'kutsitsa mawu kuti alendo asamve.

"Pali yamene yatipatsa mbuyo?"

"Ilipo. Ili pafupi, apa chabe."

"Niuze myendo."

Ine amene ndimadziwa kulemera kwa mwana wa njovu pobadwa, miyezi ya bere, malita a mkaka pa tsiku, zonse m'Chizungu chosalala, ndinasowa mawu. Ndinayamba kuti ndi yoongoka, ndinasiya. Ndinati siili ngati ya ng'ombe, ndinasiyanso. Kenaka ndinagwada pa matabwa paja, pamaso pa alendo onse ndi Ba Chalwe, ndinatenga dzanja la atate n'kuliika pa bondo lawo lomwe.

"Monga iyi, batate. Ipindika monga nkhokola yanu. Kutsogolo."

Anatukula mwendo, kuupinda, kuuongola, dzanja lili pomwepo. Anabwereza kachiwiri. Zala zawo zinkayenda pa buluku mmene zinkayendera pa mtengo pofuna poyambira kusema.

"Monga munthu ogwada?"

"Monga munthu ogwada."

Anaseka pang'ono, kaseko ka m'mphuno. "Ah, Goliati. Zaka zonse izi nenze kuyenda nayo, ine nili kupita ku ng'ombe."

Ndinaganiza kuti zathera pamenepo, ndipo mtima unayamba kutsika. Mayi wa tsitsi loyera anandifunsa m'Chizungu kuti mkuluyu ndi ndani. Ndinayankha ndili chigwadire kuti ndi atate anga, osema njovu. Aka kanali koyamba kutchula mawu amenewa nditavala malaya a kampani. Koma atate sankamvetsera za ife. Ankawerenga china chake m'mutu.

"Kumbu, unayamba liti kubwela kuno?"

"Papita zaka folo."

"Pa Chibili na pa Chisanu."

"Eye, batate."

Anachotsa dzanja pa bondo. Pansi paja kanjovu kamodzi kankakoka botolo lopanda kanthu, alendo n'kumaseka. Pamene atate analankhula, m'mawu mwawo munalibe ukali ngakhale pang'ono. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Kunitenga, kapena kunali kovuta, iyo basi ni ya bene bake. Manje sunaniuzeko chabe? Menso nenze nayo. Ukananiuza, sembe ninasemako imozi yabwino."

 Ba Chalwe anaona mmene zinthu zilili, anaitanira alendo mbali ina n'kupitiriza okha kufotokoza za mkaka. Ine ndinakhala chigwadire mpaka njovu zinabwerera kuthengo, ndipo anali atate amene anandigwira pamutu n'kunena kuti tiye, anthu akutidikira.

Sabata yotsatira anatuma mnzawo wa ku Kabwata kuti abweze njovu zonse zimene zinatsala pa mphasa. Zinabwera khumi ndi imodzi m'thumba la ufa, ndipo anakana kuti zigulitsidwenso. Anayesa kusema ina moyendetsa manja. Anafika pa chitamba, kasemasema kanaterereka n'kulowa m'chikhatho, amayi n'kubisa zida zonse kwa aneba. Chipikacho chidakali kuseri kwa nyumba, mutu wa njovu mbali imodzi, mbali inayo mtengo wosakhudzidwa.

Atate alipo. Amakhala pa kampando kawo kuwothera dzuwa, ndipo amandilandira bwino ndikaweruka, kundifunsa ngati alendo akondwera. Nthawi zina ndimawapeza dzanja lili pa bondo, akupinda mwendo ndi kuuongola, okhaokha. Ndikawaona choncho ndimabwerera pakhomo mwakachetechete n'kukalowera kutsogolo.

Ntchito sindinasiye. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimaima pa nsanja ija, kufotokoza za bere ndi za mkaka m'Chizungu changa chosalala. Njovu ikatembenuka n'kutipatsa mbuyo, alendo onse amakweza mafoni. Ine ndimayang'ana matabwa.