Dzanja la achemwali litakana singano

Achemwali anga ndi telala. Asoka zaka makumi atatu ndi zinayi m'kachipinda kamodzi komweko, pakati pa wometa tsitsi ndi bambo wina amene kale ankakonza mawailesi koma pano amakonza mafoni. Kachipindako kali ndi zenera limodzi, tebulo lodulirapo nsalu, makina akuda opondera ndi phazi, ndi msomali wokolekapo tepi. Mpando wa makasitomala munalibe. Wobwera kudzayezetsa ankaima, kuyezedwa, n'kumapita.

Kwathu tinabadwa atatu: iwo, achimwene, kenaka ine. Mayi atamwalira, achemwali anasiya sukulu n'kukhala pa makina a mayiwo, ife tikupitiriza kuphunzira. Sanakwatiwe. Amuna anabwerapo awiri, ndipo wachiwiriyo anali munthu wabwino, koma anatopa ndi kuima pakhomo la shopu kudikira kuti kolala ithe.

Pakamwa pawo anthu amapadziwa. Bambo wina wamimba yake anabwera tsiku lina n'kunena kuti chiuno chake ndi sate foo. Achemwali anam'zunguliza tepi, n'kumuyang'ana kumaso.

"Tulutsani mpweya mwaugwirawo, bambo. Thalauzali mudzalivala mukupuma."

Dzanja lawo lamanja linayamba kuchita dzanzi chaka chatha, koma sanauze munthu. Amene anandiuza ndi wometa uja. Anati kudzera pakhoma amamva sizasi ikugwa pansi kangapo patsiku, ndipo ikagwa pamatsatira mawu amene sangawabwereze. Ndinawakokera kuchipatala akukana njira yonse. Dokotala anati mtsempha wapanikizika polumikizira dzanja ndi mkono, pafunika kaopaleshoni kakang'ono, kenaka masabata asanu ndi limodzi osagwira singano, sizasi, ngakhale kufinya chovala.

"Masabata onsewo ndizitani?" anafunsa achemwali.

"Muzipuma, mayi."

"Ndizipuma ngati ndathamanga?"

Opaleshoni inachitika, ndipo ine ndinayamba kupita kunyumba kwawo m'mawa uliwonse kukawathandiza. Sabata yoyamba inali yowawa. Faifi koloko ankakhala atadzuka kale. Ndikafika ndinkawapeza atavala mpaka nsapato, atakhala m'mphepete mwa bedi, chikwama chili pamiyendo, kopita kulibe. Chilichonse chinkawapsetsa mtima. Makapu ndinkatsuka molakwika. Tsache ndinkaligwira ngati ndikuliopa. Woulutsa mawu pa wailesi ankaseka kwambiri. Tsiku lina ndinawamva kuchipinda akukalipa, ndinaganiza kuti kwalowa munthu. Anali akulankhula ndi dzanja lawo lomwe, lili m'bandeji.

"Iwe, ndakusambitsa, ndakudzoza mafuta zaka zonsezi. Lero wandikhazika pansi ngati katundu."

Sabata yachitatu kunabwera achimwene pa galimoto. Anatsitsa mtolo wa nsalu yobiriwira, yoterera, n'kuuika patebulo la pabalaza asanafunse n'komwe za dzanjalo. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa mwezi wotsatira, ndipo operekeza mkwatibwi analipo asanu ndi atatu.

"Miyezo ili pa pepalali," anatero. "Poti mukungokhala, achemwali, muzichita pang'onopang'ono. Si zambiri ayi."

Ndinayembekeza kuti denga lisasuka. Koma achemwali anangogwira nsaluyo ndi dzanja lamanzere, kuipinda pakona, kuiyang'ana kuseri, n'kunena kuti, "Isiye pamenepo." Ine sindinanene kanthu. Chifukwa chake ndi chochititsa manyazi: m'chikwama changa munali thalauza la amuna anga lofa zipi, ndipo ndinali nditayenda nalo masiku atatu kudikira tsiku limene achemwali adzuke osakwiya.

Patapita masiku awiri ndinapeza nyumba yokhoma. Ndisanaganize koyang'ana, foni inalira. Anali wometa.

"Bwerani kuno, mayi. Akulu anu atsegula shopu, ndipo muli zii. Zimenezo ndiye zikundiopsa."

Ndinawapeza ataima patebulo. Nsalu inali yoyalidwa, yolembedwa bwino ndi choko, koma sizasi inali itachoka pamzere n'kulowera m'kati mwa chifuwa cha diresi, mokhota ngati wadula ndi mwana. Anayesanso pa diresi lachiwiri, chimodzimodzi. Bandeji inali itafiira pakati. Sankayang'ana dzanjalo, ankayang'ana nsaluyo.

"Chiyambire sindinaonongepo nsalu ya munthu," anatero motsitsa mawu. "Muimbire mchimwene wako abwere."

Achimwene anafika ali pachangu, makiyi ali m'manja. Ataona nsaluyo anagwira m'chiuno.

"Aa, achemwali, mwatani apa? Nsalu imeneyi inatha kusitolo, tikaipezanso kuti? Mukanangochita modekha. Inu mulibe mwana, mulibe mwamuna, chokuthamangitsani n'chiyani?"

Kuseri kwa khoma makina ometera anazima.

"Bwereza," anatero achemwali.

"Sindikunena moipa ayi, ndikungoti..."

"Ndilibe mwana. Kabudula wako wa kusukulu anasoka ndani? Ndinadula thalauza la malemu bambo, ndikulira, kuti iwe usapite matako ali pamtunda. Suti imene unavala pokafunsira ntchito, ndani anakhala nayo masiku anayi osaweruka? Madiresi a mkazi wako ali woyembekezera, katatu konse. Makatani a nyumba yako yonse, mpaka a kuchimbudzi. Mwana akukwatiwayu, kuyambira thewera mpaka yunifolomu ya kusekondale. Lero waima m'shopu mwanga, dzanja langa likutuluka magazi, iwe ukulira nsalu."

"Achemwali, anthu akumva."

"Amve. Zaka zonsezi unayamba wabwerapo kwanga chimanjamanja? Unayamba wagogodapo n'kunena kuti ndangobwera kudzakuonani? Ukabwera pamakhala jumbo. Ukandipatsa moni maso amakhala pa makina. Ndikanakhala kuti ndafa pa opaleshoni paja, bwenzi utafunsa kaye ngati ndinasiya nditadula."

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Nawenso usaime apo ngati mngelo. Ukuganiza kuti sindinauone mwendo wa thalauza ukusuzumira m'chikwama chako?"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Achimwene anakulunga nsalu yawo, yodulidwa ndi yosadulidwa yomwe, n'kutuluka osatsanzika. Achemwali anakhala pa mpando wa makina, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kuchipatala. Bala linali litatseguka. Dokotala anawakalipira ngati mwana, n'kuwonjezera masabata ena atatu. Aka kanali koyamba kuona munthu akuwakalipira iwo osayankha.

Ndinkaganiza kuti poti alankhula zonse, mtima ukhala pansi. Sunakhale. Mkwiyo unangosintha kolowera. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atakhuthulira zovala zawo zonse pabedi.

"Taona," anatero. "Siketi iyi anaisiya mayi wina osabweranso. Bulauzi iyi ndi zotsala za makatani a mlamu wako. Iyi inali ya malemu mayi. Telala wa zaka sate foo, ndilibe chovala n'chimodzi chomwe chimene ndinadziyeza ndekha. Chiuno changa sindichidziwa. Cha wometa ndikuchidziwa."

"Tinakulakwirani ndife, achemwali."

"Munalakwa, inde, usaganize kuti ndakukhululukira. Koma ndani anandimangirira pa makina aja? Inu munakula kalekale. Ine ndinkangoti ndikaimitsa phazi, ndani adzagogode pakhomo panga? Ndiye ndinkalandira jumbo iliyonse, kwinaku ndikutukwana. Uchitsiru umenewo ndi wanga, sindigawana ndi munthu."

Anayang'ana zala zawo zitatu zimene zinkakanabe kupindika bwino.

"Dokotala akuti mwina sizidzabwerera mwakale. Ndiye basi. Ndine mayi wachikulire wa dzanja limodzi ndi theka. Tenga mpando uwo uike pakhonde."

Kupuma sanakudziwe tsiku limodzi. Tsiku loyamba anakhala pakhondepo mphindi khumi, n'kudzuka kukazula udzu ndi dzanja lamanzere. Lachiwiri anawerenga mabatani osowa pa malaya a anthu odutsa mumsewu, anapeza asanu ndi awiri, ndipo zinawanyansa. Koma pang'onopang'ono anayamba kuona zina. Anadabwa kuti dzuwa limafika pakhonde lawo teni koloko n'kuchoka itakwana thwelofu. Nyumbayo akhalamo zaka khumi ndi chimodzi, koma nthawi imeneyo sanayambe akhalapo pakhomo, kupatula Lamulungu, tsiku lochapa ndi kusita.

Nyumba yoyandikana nayo mumakhala mayi wina amene anali namwino, pano anapuma pantchito. Ankangopatsana moni wa pampanda. Tsiku lina mayiyo anabwera ndi mpando wake ndi makadi osewera. Achemwali anawafunsa za amuna awo, kuti bwanji sakuoneka masiku ano.

"Anatisiya, mayi. Chaka chino n'chachitatu."

Madzulo ake achemwali sanadye. "Khoma limodzi," ankangobwereza. "Maliro anachitika khoma limodzi ndi ine. Ndikukumbuka ndinaona anthu, ndinati ndipita ndikamaliza mayunifolomu." M'mawa mwake anapita okha kukagogoda kwa anamwinowo, ndipo anakhalako mpaka masana. Kuyambira pamenepo makadi amaseweredwa tsiku lililonse. Achemwali amabera, ndipo akagwidwa amakalipa ndi iwo.

Tulo ta masana tinawapeza mwangozi, pa mpando pomwepo, pakamwa pali yasa. Anagona maola awiri. Atadzuka anandiyang'ana ngati ndawabera kanthu.

"Ndiye anthu inu mwakhala mukuchita zimenezi zaka zonsezi, osandiuza?"

Ku ukwati anapita, ngakhale achimwene anali asanawalankhulebe. Madiresi anasoka telala wina, pa nsalu ina. Mipendero inali yosiyana kutalika, ndipo ndinaona nsagwada za achemwali zikulimba pamene atsikanawo ankalowa. Azimayi ena kumbuyo kwathu ankanong'onezana kuti azakhali ake a mwana anakana kusoka, mtima wawo ndi wouma. Achemwali anamva. Anatembenuka, kuwayang'ana mmodzimmodzi mpaka onse anaweramitsa mitu, n'kutembenukanso. Chakudya chisanafike, mlamu wathu anabwera akuthamanga, kuti diresi la mtsikana wina lang'ambika m'khwapa, singano ndi ulusi zilipo.

"Zilipo?" anatero achemwali. "Ndiye mwapeza zonse, mlamu. Kasokeni. Ine ndabwera kudzadya."

Anadyadi, mbale ziwiri. Mkwatibwi atabwera kudzawagwadira, anam'gwira tsaya nthawi yaitali, n'kumuuza kuti wakongola, osatchula za msoko ngakhale umodzi. Ndikudziwa mmene zinawavutira.

Pano anabwerera kushopu, koma amatsegula eyiti koloko n'kutseka thwelofu, ndipo Lachitatu satsegula n'komwe. Zodula zolimba amakana. Makasitomala ena anathawa, ena amadandaula pakhomo, iwo amangoloza pepala limene anamata pachitseko. Achimwene anabwera patapita miyezi iwiri. Sanapepese, kwathu mawu amenewo amatuluka movuta, koma anabwera opanda jumbo, anakhala pakhonde ola lathunthu akukamba za mvula ndi za bondo lawo. Atapita, achemwali anati, "Wakalamba mwana uja."

Mkwiyo sunathe, ndisaname. Masiku ena amangoyamba kuwerenga zaka pa zala, ndipo ukawafunsa amati usandiyambe. Ine ndimawasiya. Nanenso ndikakumbukira mmene tinkawatulira mitolo patebulo, ndimapsa mtima ndi ife tonse.

Lachitatu lapitali ndinapita kwawo n'kupeza kulibe. Anamwino aja anati atuluka m'mawa, sananene kopita. Anafika cha m'ma fili koloko, fumbi lili m'mapazi, atanyamula botolo la madzi lopanda kanthu.

"Munali kuti, achemwali?"

"Pali basi ina yachikasu imadutsa pa zenera la shopu. Ndakhala ndikuiona kuyambira ndili mtsikana. Lero ndinati ndikwere ndikaone kumene imathera."

"Ndiye imathera kuti?"

"Pa bwalo la mpira lopanda udzu ndi mpanda wa fakitale ya njerwa. Palibe chilichonse. Ndinakhala pamwala, ndinamwa madzi anga, ndinakwera yobwerera." Anavula nsapato n'kutambasula miyendo. "Kondakitala wake ndi wamwano, ndamuuza. Sabata yamawa ndikwera yofiira ija."