Mlimi waulesi wa pa chinsalu

Chipewa chija chinali cha mlaza, chobooka pamwamba moti tsitsi linkatulukira. Sichinabooke chokha. Anthu ojambula kanema anachicheka ndi mpeni ine ndikuona, kuti chioneke ngati cha munthu wosadzisamala, kenaka anaveka amalume. Ntchito itatha anawasiyira, ndipo iwo anachikoloweka pa msomali pakhonde pathu. Chinkanunkha thukuta ndi utsi wa matemba.

Ojambulawo anabwera ku sikimu ya Likangala nthawi yowokera mpunga, ine ndili ku pulayimale. Filimu yawo anaitenga m'kabuku ka alangizi kamene aphunzitsi ankatiwerengera m'kalasi. Kabukuko kankanena za alimi awiri, wina wakhama, wowokera m'mizere motsata chingwe, wina waulesi, wongomwaza mbewu n'kukagona pamthunzi. Wosewera mlimi wakhama anapezeka msanga, poti aliyense ankafuna. Waulesiyo panalibe wolola. Amalume, amene munda wawo unkayamba kupaliridwa chaka ndi chaka, anakweza dzanja. "Ulesi ndimaudziwa bwino," anatero, "ndakhala ndikuuonera kwa anzangawa."

Anali mlongo wa amayi. Bambo anali ku Joni, ndiye wofolera nyumba yathu, wotiweruza tikalakwa, wotiseketsa tikagona ndi njala, anali iwowo.

Chaka chomwecho nyanja inayamba kuthawa. Mabwato anatsala pamatope, udzu wa njedza unauma, milamba inkafera m'zithaphwi, ndipo mphepo ikachokera kum'mawa fungo lake linkalowa m'nyumba mpaka m'zofunda. Tsiku lina padoko, anyamata a chipani akufunsa asodzi makhadi, amalume analoza kumene madzi anathawira n'kunena kuti nayo nyanja yaopa kugula khadi. Anthu anaseka. Patapita masiku ochepa galimoto inaima pa njira ya ku sikimu dzuwa lili paliwombo, amalume anakwezedwa matope ali kumiyendo. Sitinauzidwe kumene anapita nawo, ndipo kufunsa unali mlandu. Amayi anachotsa chipewa pa msomali n'kuchisomeka m'denga. M'mudzi dzina lawo linaleka kutchulidwa.

Galimoto ya kanema inafika m'chilimwe, nthaka ikuotcha kumapazi. Inazungulira midzi masana ikulengeza pa chimkuzamawu, ndipo dzuwa litangolowa tinakhala pansi pabwalo la sukulu, chinsalu atachimanga pa mitengo ya golo. Ndikukumbukira fungo la petulo wa jenereta, ndi tizilombo touluka timene tinadzaza m'kuwala kuja ngati mankhusu. Anayamba ndi zithunzi za mtsogoleri akuyendera minda, ife n'kuwomba m'manja monga tinkachitira. Kenaka inabwera sikimu yathu. Ana tinakuwa poona mlatho umene tinkadutsa tsiku ndi tsiku. Mlimi wakhama anaoneka atagwira chingwe, mkazi wake weniweni ali pakati pathu akubisa nkhope m'chitenje.

Ndiye chinsalu chonse chinadzaza nkhope ya amalume. Anali atagona pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pamphumi, akuyasamula. Mano awo anali aakulu ngati makasu. Mawu a m'filimu anati, "Koma taonani mnzathu uyu."

Zikuoneka kuti amene anasoka filimuyo kutauni anali asanamve zoti amalume anatengedwa. Pabwalo panati zii, kunkangomveka jenereta. Anthu sanadziwe ngati kuyang'ana n'kololedwa. Atcheyamani a chipani, amene anakhala pampando kutsogolo, anatembenuka n'kutiyang'ana, kenaka anaseka mokweza. Bwalo lonse linatsatira. Kunali kuseka kouma, kwa anthu amene maso awo ali pa mnzawo. Dzanja la amayi linali pakhosi panga kumbuyoku, lozizira ngakhale kunali kotentha. Anandinong'oneza mawu amodzi: "Seka."

M'mawa mwake m'kalasi wina anafunsa aphunzitsi ngati filimu inaposa buku. Iwo anapitiriza kufufuta pa bolodi, osatembenuka. "M'buku munthu uja alibe nkhope," anatero. "Mungathe kumuseka mmene mungafunire." Anatiuza kuti titsegule masamu.

Ndakhala ndi mawu amenewo moyo wanga wonse, ndipo ndi chifukwa chake sindithamangira kukaonera buku limene alisandutsa filimu. Ana anga amati ndine wovuta. Iwo amakangana zoti wosewera uyu wakwanitsa, uyu walephera, apa adumpha mutu wonse. Ine zimenezo sizindikhudza kwenikweni. Powerenga, chitsiru cha m'nkhani ndimachiumba ndekha, ndipo ndikatseka buku chimatha. Pa chinsalu chitsirucho chabwereka nkhope ya munthu, ndipo munthuyo ali ndi kwawo.

Galimoto ija inakhala m'dera la mfumu Mwambo nyengo yonseyo, lero sukulu iyi, mawa msika uwo. Amayi anayamba kukazinga zitumbuwa. Ankafunsa ogula nsomba a panjinga kumene kanema akaonetse, ndipo dzuwa likapendeka ankasenza dengu, ine pambuyo, poti mkazi sayenda yekha mdima ukagwa. Kwa anansi ankati akukagulitsa. Nthawi zambiri zitumbuwa tinkabwerera nazo, ine n'kudya m'njira.

Kumidzi yakutaliko amalume panalibe owadziwa, ndipo anthu ankaseka zenizeni. Akayasamula, bwalo linkagwa. Akamwaza mbewu ngati akudyetsa nkhuku, azibambo ankamenya ntchafu. Ine zinkandipsetsa mtima. Koma amayi ankakhala kutsogolo pakati pa ana, dengu osalivundukula, n'kumaseka nawo mpaka misozi. Usiku wina mayi wachikulire amene anakhala pafupi anawagunyuza n'kunena kuti, "Kaya mkazi wake amapirira bwanji chitsiru chotere." Amayi anayankha, maso ali pa chinsalu, "Omupirira alipo, mayi."

Ine ndinkakonda kumapeto. M'buku mlimi waulesi amathera kupempha mpunga khomo ndi khomo, koma a filimu anamuchitira chifundo: amapita kwa mnzake, amaphunzira kugwira chingwe, amakolola, n'kumwetulira. Pamenepo pokha ndimavomereza kuti filimu inaposa buku. Amayi malo awo anali ena. Chapakati, amalume akudzuka pamthunzi paja, ankaiwala kuti akusewera n'kuyang'ana kumbali, kunja kwa chithunzi, nsidze atakweza. Zinali za kanthawi kochepa, kongokwana kupuma kamodzi. "Apo akuyang'ana ine," anandiuza tsiku lina pobwerera. "Ndinkawabweretsera madzi. Achimwene amafuna kudziwa ngati ndathiramo thobwa." Zimenezi anandiuza kamodzi kokha, tili pakati pa minda pamene panalibe womva.

Mpaka lero ndikakhala pa wailesi yakanema maso anga sakhala pakati. Ndimayang'ana m'mphepete, kwa anthu odutsa kumbuyo, kwa amene akuyang'ana wina wake amene ife sitikumuona. Filimu yabwino kwa ine ndi imene yasiya tinthu totere osadula. Zosalala kwambiri, zimene aliyense akumwetulira pa nthawi yake, sindizikhulupirira.

Kenaka galimoto inasowa kwa milungu ingapo. Mitambo inayamba kusonkhana cha ku phiri la Zomba, anthu akukonza nazale. Tinamva kuti yabweranso, ikaonetsa komaliza pa sukulu ina ya kufupi ndi msewu wa ku Songani isanachoke m'boma lathu. Kunali kutali kuposa konse kumene tinapitako. Tinanyamuka dzuwa likadali pamutu, ndipo ulendo umenewu amayi sanakazinge kanthu. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi.

Zithunzi za mtsogoleri zinadutsa. Mlatho unadutsa. Mlimi wakhama anagwira chingwe chake. Pamene pankayenera kubwera mtengo wa mango, chithunzi chinadumpha, mawu anameza theka la liwu, ndipo tinaona mlimi wakhama yemweyo akukolola. Kenaka panaoneka munda wodzaza udzu, wopanda munthu, mawu akuti, "Uwu ndi munda wa mnzathu uja." Mnzathu uti, sananene. Ndinafufuza m'mphepete monse. Pamalo amodzi ndinaona chidendene chikutuluka m'chithunzi, chamatope, ndipo sindingalumbire kuti chinali chawo. Filimu inatha anthu asanakhazikike bwino.

Panali mnyamata wina amene anaionerapo kumudzi kwina. Anafuula kwa woyendetsa makina, "Achimwene, nanga chitsiru chija chili kuti?"

Woyendetsa makinayo ankakulunga waya pa chigongono. "Chitsiru chiti? Filimu iyi ili ndi mlimi mmodzi."



M'njira ndinadandaula kwambiri. Ndinati atibera, ndinati filimu yopanda woseketsa si filimu, ndinati miyendo ikundipweteka pachabe. Amayi ankayenda patsogolo. Mphezi zinkang'anima kutali, kutsidya kwa nyanja youma, ndipo zikang'anima ndinkaona msana wawo uli chilili ngati asenza mtsuko wodzaza.

Sindikudziwa chimene kudula kuja kunkatanthauza. Mwina kalaliki wina anangopeza dzina mochedwa n'kutuma munthu ndi lumo. Mwina amalume anali adakali moyo m'chipinda china, akuseketsa anzawo. Zaka zambiri pambuyo pake, zitseko za ndende zitatsegulidwa, ena anabwerera kwawo okalamba, opanda mano. Amalume sanabwere, ndipo palibe anatiuza tsiku kapena malo. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi sanadikire kuuzidwa.

M'mawa mwake anaitana mnzawo wa nyumba yoyandikana nafe, mayi wosalankhulalankhula, amene anabwera ndi lezala latsopano ndi madzi m'beseni. Anakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe. Amayi anavula duku n'kuweramitsa mutu. Tsitsi lawo linali lambiri, ankalinyadira, ndipo linagwa pa chitenje chimene anayala pansi. Atatha iwo anandiitana. Lezala linkazizira, linandicheka pang'ono kuseri kwa khutu. Mayi uja ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi osatsegula pakamwa, ndipo ndinadabwa kuti bwanji akuimba motsitsa chonchi kuli kowala. Amayi anasonkhanitsa tsitsi lawo ndi langa, analikulunga pamodzi, n'kupita nalo okha cha kudambo.

Akubwerera anakumana ndi akazi a atcheyamani pa mjigo. Ndinali pomwepo ndi ndowa.

"Mwameta bwanji, anzathu? Kwagwa zovuta?"

"Nsabwe, mayi," anatero amayi. "Mwanayu watengera kusukulu."

Ndinachita manyazi kwambiri. Sabata yonse anzanga ankandithawa pa benchi, ndipo ndinakwiyira amayi chifukwa chondiyalutsa pa anthu. Madzulo ndinkadzikanda m'mutu mopanda tsitsimo, kufunafuna, ndikudabwa kuti nsabwe zake zinali zotani zimene sindinazimvepo zikuluma.