Mwendo wa a Zahari

A Zahari ankadzitama ndi zinthu ziwiri zokha: nkhumba zawo zosadwala, ndi mtanda wa pa chikondwerero cha Yordanovden. Tsiku limenelo, mu Januwale, wansembe amaponya mtanda mumtsinje wozizira, amuna n'kulumphiramo kulimbirana, ndipo amati wougwira sadwala chaka chonse. A Zahari anali ataugwira kasanu ndi kawiri. Mukanawamva ku bawa, mukanayesa Yohane Mbatizi anali mlamu wawo.

Za nkhumbazo, chinsinsi panalibe. M'mawa uliwonse ankathira mankhwala opha tizilombo ta matenda m'chakudya cha zonse, yodwala ndi yosadwala yomwe, muyeso wake chitini cha yogati. Akatsuka m'khola, nyansi zonse zinkatsika ndi paipi kukagwera mumtsinje, kumtunda pang'ono kwa malo oponyera mtanda.

Velichka, mwana wa mlongo wawo, ankagwira ntchito yoyeza madzi m'tauni. Anabwera ndi mapepala.

"Malume, tizilombo tabwino tomwe tinkayeretsa mtsinjewu tatha. Totsalato tazolowera mankhwala anuwo, sitikufanso nawo."

"Sukulu inakupweteka mutu iwe," anatero a Zahari. "Tizilombo takoto utiuze tibwere tidzandiuze tokha. Madzi odalitsidwa ndi wansembe angade?"

Chaka chimenecho anaugwiranso mtanda, imvi zili mbuu, koma anaponda chitsulo pansi pa madzi n'kuchekeka phazi. Akazi awo, a Dobrinka, anati apite kuchipatala. Iwo anangoseka. Balalo ankalitsuka m'mawa ndi madzulo ndi madzi odalitsidwa aja, otungidwa m'botolo pomwepo, kumunsi kwa paipi yawo. Phazi litatupa anamwa mankhwala a nkhumba, kutsitsira ndi rakiya, kachasu wa kumeneko. Uchitsiru wina umachititsa manyazi ndi woufotokoza yemwe.

Anawanyamula kupita nawo kuchipatala patatha masabata awiri, mwendo ukununkha. Dokotala, mayi wotopa wosafuna nthabwala, anaima pambali pa bedi n'kuwerenga mayina a mankhwala omwe anakanika kuchiza balalo.

"Amenewo ndimawadziwa," anatero a Zahari atamva oyamba, ngati akumana ndi mnansi. Achiwiri ankawadziwanso. Achitatu anali olembedwa pathumba lomwe linatsamira chitseko cha khola lawo. Pamenepo anayang'ana kudenga.

"Ndiye mundipatsa ati, adokotala?"

"Omwe tinali nawo tayesa. Tikachedwa matendawa akwera m'thupi. Tidula m'munsi mwa bondo."

Januwale wotsatira wansembe anasamutsira mwambo kumtunda kwa paipi ija, osatchula chifukwa, ndipo palibe anafunsa. A Zahari anaonerera ali pamlatho, atatsamira ndodo ziwiri, mwendo wa buluku utapindidwa ndi pini. Mtanda anaugwira mnyamata wa kophikira buledi. Wina anawafunsa mowanyogodola za nkhumba zawo.

"Zili bwino," anayankha, maso ali pamadzi. "Palibe ndi imodzi yomwe yadwala."